atop: kapulogalamu kokuuzani chimene chinadya memory usiku

Ngati seva yanu ya Linux imagwetsa MySQL (pulogalamu yosunga deta) usiku, m'mawa n'kumaoneka ngati palibe chachitika, ikani atop musanathamangire m'tauni kukagula RAM (memory) ina. Ndi yaulere. Pa Ubuntu kapena Debian mungolemba apt install atop basi.

Ndimasamalira seva ya bambo wina wa kwathu amene amapikulitsa katundu wa m'golosale ku Mbare. Ili ndi RAM ya 4 GB, muli MySQL, PHP ndi pulogalamu yowerengera katundu. Atsikana a pa kauntala ankafika m'mawa n'kupeza pulogalamu yosatseguka. Abwana ankati ndi magetsi, poti kuno ku Harare chilichonse chikavuta timayamba kuloza magetsi. Koma seva ili pa batire la sola, sinazimepo.

Nditalemba journalctl -k, yoonetsa mauthenga a kernel (mtima wa Linux), ndinapeza mzere wakuti "Out of memory: Killed process", ndipo yophedwayo inali mysqld, yomwe ndi MySQL yomweyo. Musafulumire kuiweruza. Kernel ikapanikizika nthawi zambiri imapha pulogalamu imene yagwira memory yochuluka, ngakhale vuto lachokera kwina. Wolakwa weniweni htop, pulogalamu yoonera zimene zikuyenda pa seva, sangakuonetseni, chifukwa amangoonetsa za nthawi yomweyo. Nayo free -h imaopseza anthu pachabe: "free" imakhala yochepa chifukwa Linux imasunga mafayilo mu cache. Muziyang'ana "available".

Apa ndi pamene atop, yolembedwa ndi Gerlof Langeveld wa ku Netherlands, imaposa anzake. Mphindi 10 zilizonse imalemba mmene seva ilili mu /var/log/atop, ndipo imasunga za masiku 28. Ndinaiika, ndipo vuto litabweranso ndinatsegula fayilo ya tsikulo ndi atop -r, ndinadina b kuti ndilumphire pakati pa usiku, m kuti ndione za memory, kenako t, t, t kupita patsogolo. Itakwana 1 koloko mzere wa SWP (swap, malo a pa disk ogwiritsidwa ntchito memory ikachepa) unafiira, swout (zochoka mu memory kupita ku swap) pa mzere wa PAG n'kuyamba kukwera. Pamndandanda, kufupi ndi mysqld, panatulukira php, RSIZE yake (memory imene yagwira) ikufufuma ngati ndowa ya thobwa lowira. Inali script ya cron (yoyendetsa ntchito yokha pa nthawi yoikika) yopanga lipoti la katundu wa chaka chonse, ikukokera zonse mu memory nthawi imodzi, pa ola lomwelo mysqldump ikuchita backup ya MySQL. Ambiri sadziwa kuti pa Debian ndi Ubuntu, PHP yoyendetsedwa pa terminal kapena pa cron imabwera ndi memory_limit ya -1, kutanthauza kuti ilibe malire.

Wolemba script ija anaisintha kuti iziwerenga pang'onopang'ono, backup tinaisunthira m'bandakucha. RAM sitinagule.

Zokhumudwitsa zilipo. Sikirini yake ndi yodzaza manambala ndi mawu ofupikitsidwa, moti tsiku loyamba mutu umazungulira, ndipo palibe chithunzi chimene mungaonetse abwana n'kumvetsa. Siikuimbirani foni kapena kutumiza uthenga zinthu zikavuta. Siidziwanso za dzulo ngati mwaiika lero, ndiye mumadikira seva igwenso kaye, zimene n'zowawa ngati shopu imatsegula 7 koloko.

Chimene sindigwirizana nacho kwambiri ndi mphindi 10 zija. Pulogalamu ikhoza kudya memory yonse, kernel n'kupha, zonse n'kutha mkati mwa mphindi ziwiri. Ine ndinasintha LOGINTERVAL mu /etc/default/atop kuchoka pa 600 kufika pa 60. Mafayilo amakula ndithu, choncho ngati disk yanu ndi yaing'ono, muchepetse LOGGENERATIONS mu fayilo yomweyo.