Okushoni ya zinthu zakale ku Blantyre, ndakaonako

Loweruka ndinapita ku okushoni ina yake mtauni muno, dzina sinditchula, amagulitsa katundu wa azungu amene akubwerera kwawo komanso za ma anthu omwe akupungula zinthu za agogo awo mnyumba. Aise zinthu zilipo koma.

Ine chomwe chinandikoka ndi kambale ka makobili akale. Munali mapeni aja obowoka pakati a Rhodesia and Nyasaland okhala ndi njovu, ndi ma florin a 1964 a mutu wa Kamuzu, nthawi imeneyo kwacha kunalibe, inabwera 1971. Agogo anga ankamanga ngati omwewa pa mpango ndiye nditawagwira mmanja mtima unangoti myuu. Panalinso wailesi ya Nzeru, makina a Singer opalasa ndi phazi, nyale ya Tilley, ndi mipando ya mfumu iwiri yosema bwino zedi.

Chabwino chake amakulola kuona ndi kugwira katundu tsiku loti mawa okushoni, ndipo bambo womenya hamala uja ndi wanthabwala, sutopa.

Koma chinandinyasa, chosema china anati ndi cha phingo chakalekale, ine kukanda pansi pake ndi chikhadabo kunatuluka polishi ya nsapato eti! Komanso ukawina pali ka komishoni kawo pamwamba pa mtengo, sananene momveka poyamba, ndinakazindikira pa kauntala ndikulipira.

Makobili ndinatenga, wailesi anandipitirira mayi ena ake amene sankatsitsa dzanja olo pang'ono. Ndidzapitanso, koma ndi kathochi mthumba.