Thanzi ORS: ndemanga ya bambo amene poyamba ankainyoza

M'makomo ambiri muno mu Blantyre, paketi ya Thanzi ORS, ufa wosungunula m'madzi wobwezera madzi m'thupi la wotsegula m'mimba, imaonedwa ngati chinthu chimene achipatala amapereka akasowa mankhwala enieni. Inenso ndinali ndi maganizo omwewo kufikira dzinja lapitali, pamene mwana wathu wa miyezi 20 anatsegula m'mimba kwa masiku anayi kwathu ku Bangwe, ndipo ndemanga iyi yachokera pa zimene ndinaona m'masiku amenewo.

Matenda anayamba madzi atasiya kutuluka kumpopi kwa masiku awiri, ife n'kumatunga pachitsime cha m'dambo popanda kuwiritsa kapena kuthira kolorini. Pofika madzulo thewera linali litasinthidwa kasanu, ndipo achipatala amati chimbudzi cha madzimadzi chikafika katatu pa tsiku, kumeneko ndiye kutsegula m'mimba. Pagolosale ya pafupi anandiuza kuti ndigule Flagyl ndi Bactrim, ndiphwanye theka la piritsi ndim'mwetse. Apongozi anga, polankhula kudzera mwa mayi a mwana monga mwa ulemu wathu, anati mwana akumera mano, ndipo poona kuti liwombo likuoneka lolowa, anafuna kuti tikapeze mankhwala omata pamutu. Ndinakwera minibasi kupita kusitolo ina ya mankhwala ku Limbe ndili ndi cholinga chogula maantibayotiki omwewo, koma mayi amene ndinawapeza kumeneko anayamba andifunsa ngati m'chimbudzi muli magazi, ngati thupi latentha, ndiponso ngati mwana akuyamwa. Nditayankha, anatulutsa mapaketi a Thanzi ndi mapiritsi a zinc, n'kunena kuti, "Bambo, Thanzi sachiritsa kutsegula m'mimba lero lomwe, ntchito yake ndi kubwezera madzi amene mwana akutaya. Mukapereka, musayang'ane thewera lokha, muziyang'ana maso ake ndi mkodzo." Ndinatuluka ndili wokhumudwa, chifukwa ndinaona ngati ndawononga ndalama ya minibasi kukagula mchere ndi shuga.

Zoonadi m'paketimo muli mchere ndi shuga, pamodzi ndi potaziyamu ndi citrate, koma chinsinsi chake chili pa muyeso. Matumbo a munthu amene akutsegula m'mimba amalephera kuyamwa madzi bwino, komabe khomo limodzi limakhala lotsegukabe: mchere ukalowa limodzi ndi shuga wa mtundu wa glucose, matumbo amaulandira, ndipo madzi amatsatira mcherewo kulowa m'thupi. N'chifukwa chake madzi okhaokha sakwanira kwa mwana amene wataya madzi ambiri, pamene zakumwa zotsekemera za m'mabotolo, zimene ambiri timathamangira pofuna kum'patsa mphamvu wodwala, zili ndi shuga wochuluka kwambiri moti zimakoka madzi kubwerera m'matumbo n'kukulitsa vuto. Njirayi inadziwika mphamvu yake mu 1971, pamene dokotala wa ku India, Dilip Mahalanabis, anaigwiritsa ntchito pamsasa wa anthu othawa nkhondo ya ku Bangladesh kolera itabuka madiripu atasowa, ndipo kuchokera nthawi imeneyo mabungwe a WHO ndi UNICEF akhala akuilimbikitsa padziko lonse.

Kusungunula n'kosavuta pa mawu: paketi imodzi m'lita imodzi ya madzi owiritsa amene azizira. Vuto loyamba ndinalipeza pomwepo, pakuti m'khitchini mwathu munalibe chiwiya chilichonse cholembedwa lita. Ndinapeza kabotolo ka madzi ogula ka mamililita 500, n'kuthira kawiri m'jagi. Apa ndi pamene ndikuona kuti anthu ambiri amalakwitsa, chifukwa ena amathira paketi yonse m'kapu imodzi poganiza kuti mankhwala akhala amphamvu, chonsecho mchere wochuluka chotero ndi woopsa kwa mwana, ndipo ena amagawa ufawo pang'onopang'ono mongoyerekeza kuti paketi ichedwe kutha. Zosungunulazo zikatha maola 24 ziyenera kutayidwa, zimene zimapweteka mtima ukaona theka la jagi likadalipo.

Vuto lachiwiri ndi kakomedwe. Ndinalawa ndekha, ndipo kamchere kake kamakumbutsa misozi. Mwana analavula kapu yoyamba, ndipo titam'kakamiza kuti amwe msangamsanga anasanza zonse. Chimene chinathandiza ndi supuni yaing'ono: mayi ake anam'khazika pamiyendo n'kumam'patsa supuni imodzi pa mphindi imodzi kapena ziwiri zilizonse, ndipo akasanza tinkadikira mphindi 10 n'kuyambanso mwapang'onopang'ono kuposa poyamba. Mwana wosakwana zaka ziwiri amafunika mamililita 50 mpaka 100 nthawi iliyonse akachita chimbudzi, wa zaka ziwiri kufikira 10 amafunika 100 mpaka 200, ndipo wamkulu amamwa mmene angathere. Usiku woyamba sitinagone, ndipo ndikhoza kunena kuti mtengo weniweni wa Thanzi ndi tulo, osati ndalama, pakuti paketiyo ndi yotsika mtengo ndipo m'zipatala za boma ORS amapereka mwaulere.

Pofika m'mawa kutsegula kunali kukupitirira, koma thewera linanyowa ndi mkodzo, milomo inasiya kuuma, ndipo liwombo lija linakwera lokha popanda chomata. Ndinazindikira pamenepo kuti liwombo lolowa si matenda apadera, koma chizindikiro chakuti thupi lachepa madzi, chimodzimodzi maso olowa ndi khungu la pamimba limene ukalitsina limachedwa kubwerera. Za mano, ndikuona kuti nthawi yomera mano ndi nthawi yomwenso mwana amakwawa n'kumaika chilichonse m'kamwa, choncho tizilombo timapeza njira. Mwa ana aang'ono kachilombo kodziwika kwambiri ndi rotavirus, kamene katemera wake anayamba kuperekedwa m'dziko muno mu October 2012, ndipo mavairasi otere samva maantibayotiki. Flagyl ali ndi ntchito yake pa tizilombo monga giardia ndi amoeba, koma woyenera kugamula zimenezo ndi wachipatala, osati wogulitsa sopo.

Thanzi si chakudya, ndipo chizolowezi chomana wodwala chakudya poti m'mimba mupume chimangofooketsa mwana. Wathu anapitiriza kuyamwa nthawi iliyonse imene wafuna, ndipo tinkam'patsa phala la mgaiwa lothira nsinjiro, nthochi yakupsa yokanya, mpunga wofewa ndi msuzi wa nkhuku wopanda mafuta ambiri, pang'onopang'ono koma kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku. Atachira tinawonjezera chakudya chimodzi pa tsiku kwa milungu iwiri kuti abweze thupi. Zinc tinkasungunula piritsi limodzi la mamiligiramu 20 pasupuni tsiku lililonse, ndipo amayenera kumwa kwa masiku 10 mpaka 14 ngakhale kutsegula kutasiya, pamene wosakwana miyezi 6 amalandira theka la piritsi. Dandaulo langa n'lakuti m'magolosale ambiri mumapezeka ORS yekha popanda zinc, moti makolo ambiri sadziwa n'komwe kuti ziwirizi zimayendera limodzi. Paketi ikasoweratu usiku, masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere m'lita ya madzi abwino zikhoza kum'sunga wodwala kufikira kucha, ngakhale mulibe potaziyamu ndipo dzanja limalakwitsa muyeso mosavuta.

Malire a paketiyi ayenera kudziwika bwino, makamaka kwa ife amene tinaona kolera imene inayamba mu March 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ija inachedwetsa kutsegulira sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe mu January 2023, namondwe Freddy asanagwetse nyumba ndi zimbudzi ku Chilobwe. Chimbudzi chooneka ngati madzi otsukira mpunga, magazi m'chimbudzi, kusanza chilichonse, kulephera kuyamwa kapena kumwa, kulefuka, kutentha thupi, kapena masiku atatu kudutsa popanda kusintha, zonsezi n'zofunika chipatala cha pafupi kapena chipatala chachikulu cha Gulupu (Queen Elizabeth) nthawi yomweyo, wodwala akumwa Thanzi m'njira.

Ife sitinafike pamenepo. Tsiku lachinayi chimbudzi chinalimba, ndipo mapaketi awiri amene anatsala ndinawaika pamwamba pa kabati pamodzi ndi kabotolo ka mamililita 500 kaja, kamene ndaletsa aliyense m'nyumba muno kukataya.