Ndinabayidwa masingano ku Leeds, koma poyamba ndinafunsa mapepala

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Leeds, ku England, nthawi zambiri usiku. Chaka chatha mutu unayamba kundimanga ngati wina wandikulunga chingwe kuyambira pachipumi mpaka kunkhongo, ndipo panadolo ankangotha m'kabati osandithandiza. Dokotala wanga ndiye anatchula acupuncture, chithandizo cha ku China chobaya timasingano tating'ono pathupi. Bungwe la NICE, lomwe limalangiza madokotala kuno, limavomereza kuti odwala mutu wotere wosatherapo ayesere mpaka maulendo 10.

Malo oyamba omwe ndinapita anali kachipinda kuseri kwa shopu yokonza zikhadabo. Nditafunsa mayi wa pamenepo kuti anaphunzira kuti, anangondilozera pepala la khonsolo lomwe linali pakhoma. Ndinabwerera osabayitsa, ndipo ndinachita bwino. Pepala limenelo limangotsimikiza kuti malowo analembetsedwa ndipo akuyenera kutsatira malamulo a ukhondo, monga amachitira obowola makutu ndi ojambula matatuu. Silinena chilichonse za maphunziro a munthu wogwira singanoyo. Ku England kulibe lamulo loletsa munthu aliyense kudzitcha katswiri wa acupuncture. Zimenezi zinandidabwitsa kwambiri, chifukwa mchemwali wanga ku Johannesburg amati kumeneko sungagwire ntchitoyi usanalembetse ku Allied Health Professions Council of South Africa.

Kachiwiri ndinayamba ndafufuza pa mndandanda wa British Acupuncture Council. Bungweli silaboma, munthu amalowa mwakufuna kwake, koma salandira amene sanachite maphunziro ofanana ndi digiri, a zaka zosachepera 3, ophatikizapo za thupi la munthu ndi matenda monga amaphunzitsira azachipatala. Mamembala ake amalemba zilembo zoti MBAcC kumapeto kwa dzina lawo, ndipo mndandandawo ndi wovomerezeka ndi Professional Standards Authority, bungwe loyang'anira mabungwe olembetsa ogwira ntchito zaumoyo kuno.

Mayi amene ndinamupezayo sanadikire kuti ndifunse. Ndisanakhale n'komwe anandionetsa satifiketi yake, pepala la khonsolo ndi la inshuwalansi. Kenako mphindi pafupifupi 40 zinatha tikungocheza: kodi ndimagona bwanji, ndimamwa mankhwala anji, ndili ndi pakati kapena ayi, magazi anga amachedwa kuuma kapena ayi. Nditatchula za BP yanga anandiuza mosabisa kuti ndisasiye mapiritsi, masingano salowa m'malo mwake. Apa m'pamene mtima unakhala pansi.

Singano iliyonse anaitsegula ndikuona, kuchokera m'kapepala kake komata. Ndi zoonda ngati tsitsi. Imene anabaya pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala ndinaimva kulemera mpaka m'chigongono, zina za pakhosi sindinazimve n'komwe. Pochotsa anaziwerenga mokweza, 12, n'kuziponya m'kabokosi kachikasu.

Chomwe sindinakonde ndi mtengo. Ndinkalipira mapaundi 55 ulendo uliwonse, ndalama imene kumudzi ikanagula feteleza, komanso amatseka 5 koloko, nthawi yomwe ife a usiku timakhala tikungodzuka. Ndapitako maulendo 7. Mutu sunatheretu, koma umabwera mwina kamodzi pa sabata, pomwe kale unali wa tsiku ndi tsiku. Anzanga awiri akuntchito andipempha nambala yake, ndipo ndawapatsa pamodzi ndi adiresi ya mndandanda uja kuti akadzionere okha dzina lake.