Merge Queries mu Power BI: ndi yabwino, koma sichenjeza

Pophatikiza tebulo la malonda ndi la makasitomala, Merge Queries ya mu Power Query (gawo lokonzera deta mu Power BI, pulogalamu ya Microsoft yopangira malipoti) imathandiza kwambiri. Mumasankha danga lofanana m'matebulo onse awiri, monga nambala ya kasitomala, kenako mtundu wa join, kutanthauza njira yophatikizira matebulowo. Left Outer imasunga mizere yonse ya tebulo loyamba. Left Anti ndiyo yoyenera kuiyamikira, chifukwa imakuonetsani mizere ya tebulo loyamba imene yasowa inzake m'tebulo lachiwiri.

Pamene pali vuto ndi apa: nambala ya kasitomala ikapezeka kawiri m'tebulo lachiwiri, mukatambasula (Expand) kuti madanga ake aoneke m'tebulo loyamba, mzere wa malonda umatulukanso kawiri, ndalama n'kukwera mwakachetechete. Yambani mwachotsa zobwerezedwazo ndi Remove Duplicates. Komanso 00452 ikawerengedwa ngati nambala imasanduka 452, ndiye sizigwirizana. Madanga onse awiri akhale Text, ndipo mugwiritse ntchito Trim kuchotsa mipata yobisika kumapeto.