Masiku atatu ku Kumily: nyenyezi 4 mwa 5

Tinali mumzinda wa Kochi, ku Kerala m'dziko la India, kudikirira mayi aang'ono atuluke m'chipatala, ndiye ine ndi mchemwali wanga tinati tikapumeko kumapiri. Tinalipira kampani ina yaing'ono galimoto, malo ogona ndi wotiperekeza. Msewu wopita ku Kumily, m'boma la Idukki, ndi wokhotakhota koopsa, maola pafupifupi asanu. Amene mumasanza m'basi, mweranitu mankhwala. Chakufupi ndi Vandiperiyar mapiri onse ndi tiyi yekhayekha, ungayese uli ku Thyolo.

Chimene ndalama yanga inagwira ntchito ndi ulendo wa m'munda wa zonunkhiritsa chakudya. Bambo wotiperekezayo sankathamanga. Anagwada pansi n'kutionetsa kuti cardamom amabereka kutsinde, pafupi ndi dothi, osati kunsonga monga ndinkaganizira. Anandipatsa kambewu kobiriwira kuti nditafune, m'kamwa munazizira mpaka madzulo. Tsabola wakuda ndi chomera choyanga chimene chimakwera mitengo, ndipo wakuda, woyera ndi wobiriwira onse amachokera pa chomera chimodzi, kusiyana kwake ndi nthawi yothyola ndi kakonzedwe. Sinamoni ndi khungwa la mtengo basi. Zaka zonsezi ndakhala ndikuthira mu tiyi osadziwa!

Kogona kunali kwa banja lina, paukhondo, madzi otentha analipo. M'mawa mayi a pakhomopo ankatiphikira appam, tizitumbuwa tofewa ta ufa wa mpunga ndi kokonati. Anatichenjeza kuti tizitseka mawindo chifukwa cha apusi, mchemwali wanga sanamvere, nthochi zinapita.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zifukwa ziwiri. Atatitulutsa m'mundamo anatilowetsa m'sitolo yawo n'kutiumiriza kugula mafuta odzola amene ankati amachiza chilichonse. Cardamom yemweyo ndinakamupeza wotsikirapo mtengo m'mashopu a m'tauni. Chachiwiri, anatilonjeza njovu pa boti la pa nyanja ya Periyar, ngati kuti njovuzo ndi zawo. Tinaona nguluwe, mbalame, ndi zitsa za mitengo imene inamira atamanga damu la Mullaperiyar mu 1895. Kokongola ndithu, koma amene anakwerapo boti pa Shire ku Liwonde sangadabwe.

Mukapita nthawi ya mvula, kuyambira Juni, valani masokosi aatali. Misundu ya m'nkhalango ya kumeneko inandiluma pa akakolo onse awiri, ndinazindikira nditavula nsapato.