Planet Hunters TESS: kusaka mapulaneti pa kompyuta yanu

Amene akufuna zithunzi zokongola za mapulaneti asataye nthawi ndi Planet Hunters TESS, mulibemo. Zimene mumapatsidwa ndi timadontho tambirimbiri tondandalikana pa galafu, kadontho kalikonse kakuimira kuwala kwa nyenyezi imodzi pa nthawi inayake. Ine timadontho timeneti ndatikonda.

Ntchitoyi, yosaka mapulaneti ozungulira nyenyezi zina, ili pa Zooniverse, webusaiti yomwe anthu wamba amathandizirapo asayansi pa kafukufuku. Ndi yaulere, ndipo inayamba mu Disembala 2018, bungwe la ku America loona za mlengalenga la NASA litatumiza telesikopu ya TESS mumlengalenga mu Epulo chaka chomwecho. TESS imayang'ana chigawo chimodzi cha thambo kwa masiku pafupifupi 27. Pulaneti ikadutsa kutsogolo kwa nyenyezi yake, kuwala kumachepa pang'ono, timadontho n'kutsika kenako n'kubwerera. Inu ntchito yanu ndi kukoka mausi pamalo potsikapo n'kuikapo chizindikiro, basi.

Kutsikako n'kochepa zedi. Pulaneti yaikulu ngati Jupiter ikadutsa pa nyenyezi ngati Dzuwa imatchinga 1 peresenti yokha ya kuwala. Yaikulu ngati dziko lathu siifika n'komwe pa 0.01 peresenti. Kuya kwa kadzenjeko ndiko kumaulula kukula kwa pulaneti, ndipo nthawi yochokera pa kadzenje kena kufika pa kanzake ndiyo chaka chake. Kulemera sikuoneka pano. Kumeneko asayansi amakuyeza ndi matelesikopu apansi, poona mmene pulaneti ikugwedezera nyenyezi yake, njira yomwe Michel Mayor ndi Didier Queloz anapezera pulaneti yotchedwa 51 Pegasi b mu 1995.

Chandisangalatsa kwambiri ndi kaphunzitsidwe kake. Amasakanizamo magalafu ena omwe anaikamo dala pulaneti yongopeka, ndipo mukamaliza amakuuzani pomwepo ngati mwaipeza kapena mwaiphonya. Diso limazolowera msanga. Mumayamba kusiyanitsa kadzenje kapansi pophwatalala ngati U, komwe kangakhale pulaneti, ndi kosongoka ngati V, komwe kawirikawiri ndi nyenyezi ziwiri zotchingana. Mpata wopanda timadontho pakati pa galafu usakupusitseni: apo TESS inali ikutumiza zimene yasonkhanitsa kuno pansi. Zikakusokonezani pali Talk, pomwe mumaika galafuyo anzanu n'kuiunguza nanu.

Wina angafunse kuti bwanji osangosiyira makompyuta. Mapulogalamu amapeza bwino kadzenje kobwerezabwereza, koma pulaneti yotenga miyezi kuti izungulire imatha kudutsa kamodzi kokha m'masiku 27 aja, ndipo apa diso la munthu ndi limene limagwira. TOI-813 b, pulaneti yaikulu pafupifupi ngati Saturn, yomwe imazungulira nyenyezi yake m'masiku 84, inapezeka ndi anthu wamba pompano. Planet Hunters yoyamba, ya telesikopu ya Kepler, nayo inatulukira PH1b mu 2012, pulaneti yokhala m'banja la nyenyezi zinayi.

Pamafunika kudekha. Magalafu ambiri alibe kanthu, ena ndi a nyenyezi zosinthasintha kuwala mwazokha, ndipo mutha kukhala madzulo onse osaona chooneka ngati pulaneti. Ngakhale mutachiona, kutsimikizira kumatenga miyezi kapena zaka, chifukwa galafu iliyonse imaonedwa ndi anthu angapo asayansi asanaitenge. Ndikulangizani kugwiritsa ntchito kompyuta yokhala ndi mausi, popeza timaenje tina n'tating'ono moti chala chimatiphimba. Kwa mphunzitsi wa sayansi kapena wophunzira wa kusekondale amene akufuna kugwira zinthu zenizeni zochokera ku telesikopu, ntchitoyi ndikuivomereza ndi mtima wonse.