Knott's Berry Farm: paki yomwe inayambira pa mbale ya nkhuku

Ndinapita ku Knott's Berry Farm, mumzinda wa Buena Park ku California, pamodzi ndi alamu anga amene amakhala kufupi ndi kumeneko, ndipo tinathako tsiku lonse mpaka mdima. Ndinapitira ma roller coaster, timasitima tija tothamanga panjanji zokwera ndi kutsika, koma chimene chandikhalira m'mutima ndi mbali yakale ya pakiyi.

Malowa sanayambe ngati malo achisangalalo. M'zaka za m'ma 1920, Walter Knott ndi mkazi wake Cordelia ankalima zipatso n'kumagulitsa m'mbali mwa msewu, ndipo chipatso chimene chinawatchukitsa ndi boysenberry, chomwe chimafanana ndi mabulosi koma n'chokulirapo. Mu 1934 mayi Knott anayamba kugulitsa chakudya cha nkhuku yokazinga, ndipo makasitomala anachuluka mpaka kumadikira nthawi yaitali pamzere. Pofuna kuti odikirawo asatope, mu 1940 bambo Knott anayamba kumanga Ghost Town, kamudzi kofanizira matauni a makauboyi ndi okumba golide a kumadzulo kwa America, ndipo nyumba zina zakale anachita kuzisamutsa kuchokera kutali. Kulipiritsa pachipata kunadzayamba mu 1968.

Kamudzi kameneka kadakalipo, ndipo sikakuoneka ngati kongonamizira. Ndinaima nthawi yaitali pakhomo pa wosula zitsulo, ndikuonerera akutulutsa chitsulo chofiira pamoto, n'kuchimenya ndi nyundo mpaka chitapindika, fungo la makala lili thoo m'chisakasa chonse. Kenako tinakwera sitima ya nthunzi imene imazungulira mbali ina ya paki, ndipo tili m'njira munalowa achifwamba a sewero, atamanga mipango kukamwa, zomwe zinaseketsa ana ndi akulu omwe. Calico Mine Ride, yomwe inatsegulidwa mu 1960, imakutengani pang'onopang'ono m'mapanga a mgodi wochita kupanga, momwe zidole zimakumba miyala mumdima. Ine ndinakumbukira nkhani za agogo anga za kumigodi ya ku Joni.

Pa ma roller coaster onse, GhostRider ndiyo ndaipatsa ulemu. Inamangidwa ndi matabwa mu 1998 n'kukonzedwanso mu 2016, msinkhu wake ndi mamita pafupifupi 36, ndipo imathamanga makilomita 90 pa ola panjanji yaitali kupitirira kilomita imodzi. Manambalawa saopsa kwenikweni, koma thabwa lili ndi khalidwe lake: limalira, limanjenjemera, ndipo kasitima kakamalowa pakati pa mizati yothithikana, munthu amaweramitsa mutu mosafuna poganiza kuti agunda. Pa zitunda zing'onozing'ono thupi limanyamuka pampando, lamba ndi chitsulo cha pantchafu zokha n'kukhala zokugwira.

Xcelerator, ya mu 2002, ndi ya mtundu wina. Siyamba ndi kukwera pang'onopang'ono, koma imakuponyani kuchokera poima kufika pa makilomita 132 pa ola m'masekondi osakwana atatu, n'kukukwezani chilili mamita 62. Ndi yoopsa ndithu, komabe imatha munthu asanamalize n'komwe kukuwa. Pa Silver Bullet, ya mu 2004, njanji imakhala pamwamba, miyendo ili lendelende, ndipo imayenda mosalala bwino ngakhale ikukutembenuzani chadodolido. Paki yomweyi ndiyo inatsegula Corkscrew mu 1975, roller coaster yoyamba yamakono yotembenuza anthu choncho, ngakhale kuti inasamutsidwa kalekale.

Cholakwa changa chinali chimodzi, ndipo ndi changa ndekha: ndinadya nkhuku ya ku lesitilanti ya mayi Knott masana, ndi chitumbuwa cha boysenberry pamwamba pake, kenako n'kuthamangira ku Silver Bullet. Alamu anga anali atandichenjeza. Amene mukupitako, yambani ndi GhostRider chipata chikangotsegulidwa, mumalize zonse zotembenuza, ndipo nkhukuyo mukaidye madzulo mutakhala phee.